Munda Umene Ndinabwereketsa Achinyamata

Ndinagwira ntchito yoyang'anira nkhalango zaka zambiri, ndipo kumeneko ndinaphunzira kusataya pepala. Makalata a ubatizo, a kuchipatala, a malire a minda, onse ndimasunga m'bokosi lachitsulo. Anthu amandiseka, koma ine ndinkati pakamwa pamaiwala, pepala siliiwala.

Chaka china feteleza atakwera mtengo kwambiri, mwana wa mlongo wanga anabwera ndi anzake asanu ndi awiri. Iye anali mu Fomu 4, enawo sukulu anali atasiya.

"Malume, munda wa kumtunda uja ukungogona. Tibwerekeni tilimemo mbatata ya kachewere ngati gulu."

"Mbewu muitenga kuti?"

"Pali abwana ena a mu tauni atithandiza."

Mundawo uli kuseri kwa phiri, m'malire ndi nkhalango ya Chongoni, ndipo mawondo anga anali atakana kale kukwera kumeneko. Ndinavomera, koma ndinati tilemberane. Ndinalemba pangano lonena kuti adzalima kachewere, aliyense anaikapo dzina lake n'kusayina. Abwana aja atabwera pa galimoto, ndinawapatsa cholembera. Anaseka.

"Madala, ine ndikungothandiza ana. Ndisayinenso chiyani?"

Ndinawasiya. Ine amene kuntchito ndinkabweza kalata chifukwa chosowa tsiku lokha, ndinamusiya munthu ameneyo chifukwa anavala bwino.

Kachewere anadzaladi, koma mizere ya m'mphepete yokha, pamodzi ndi chimanga chotchingira. Pakati ponse panali chamba. Izi ndinazidziwa m'mawa umene apolisi anakwera phirilo ndi zikwanje, mvula itangosiya. Anyamata aja anathawira m'nkhalango. Apolisi anatema chambacho n'kuchitentha. Utsi unaoneka mudzi wonse, ndipo masana apolisi anali pakhomo panga.

"Agogo, mundawu ndi wanu," anatero wamkulu wawo. "Mawa mubwere mudzatiuze amene analima. Mukapanda kutero, mlandu ndi wanu."

Atachoka, mlongo wanga anabwera n'kugwada pakhonde.

"Achimwene, pepala lija musalitulutse. Mwanayu mayeso ayandikira. Inu ndinu wamkulu, akakumverani chisoni."

"Ndiye ndikafere kundende chifukwa cha zimene sindinadzale?"

"Nenani kuti simukuwadziwa basi."

"Ndikaname? Pa msinkhu uno?"

Ndinali wokwiya, ndiponso ndinkaopa. Koma ndinalinso ndi maganizo amene ndinkayesa anzeru. Papepalapo panalembedwa kachewere. Ndinkati aliyense wowerenga aona kuti anawa anachita kusocheretsedwa ndi munthu wamkulu, ndipo ameneyo ndiye adzasakidwe. M'mawa ndinavala jekete n'kukapereka pepalalo kupolisi.

Mawu akuti kachewere sanathandize munthu. Chimene chinagwira ntchito ndi mayina asanu ndi atatu aja, olembedwa bwino, ena ndi midzi yawo yomwe, chifukwa ine sindichita zinthu mwachidule. Sabata isanathe asanu anali atagwidwa. Kukhothi anavomera kuti ankadziwa chimene ankapalira. Atafunsidwa za abwana aja, anatchula dzina lachibwana ndi nambala ya foni imene inali itasiya kugwira. Galimoto ija sitinaionenso. Munthu amene anabweretsa mbewu, n'kulonjeza njinga zamoto kwa ana a eni ake, amagona m'nyumba mwake mpaka lero.

Mwana wa mlongo wanga anakagwira ukaidi. Mayeso analembedwa iye ali mkati. Ndinapita kawiri kukamuona, kawiri konse anakana kutuluka. Pano amanyamula matabwa kwa ocheka paini ku Phiri la Dedza, ndipo msana wayamba kale kumuvuta.

Sindikunena kuti anali wosalakwa. Koma ine ndinali mwinimbumba, ndipo m'nyengo yonse ya dzinja sindinatume ngakhale munthu mmodzi kukaona chimene chinamera m'munda mwanga. Ndinkati tinalemberana, ndiye zonse zili bwino.

Chaka chatha mlongo wake wa mnyamatayo anakwatiwa. Unkhoswe unali wanga, koma anapatsa mng'ono wanga. Za tsiku la chinkhoswe ndinamva kwa anthu pochokera ku tchalitchi.