Bokosi la Ndiwo

Mpaka lero ndikatsekula bokosi la machesi, kafungo kake kamandibwezera m'chigafa cha fodya cha bambo anga kwa Wimbe, mwezi wa Januwale, mvula ikudontha paudzu. Ndinali mtsikana wa Fomu 1, woyamba pabanja pathu kuponda ku sekondale. Sukuluyo inali yoyendera, kufupi ndi Mtunthama, ndiye ine ndi mnzanga wina tinkachita lendi kachipinda kuseri kwa magolosale n'kumadziphikira tokha. Teremu yoyamba ndinachita uchitsiru wa mwana woyamba kugwira ndalama. Zonse zinathera m'mandasi ndi zigege mwezi usanathe, ndipo ndinamaliza teremuyo mopemphetsa mchere.

Bambo anamva, koma sanandikalipire. Tsiku loti mawa ndibwerera kusukulu anandiitanira m'chigafa, momwe ankakonza mikangala yopachikapo masamba poyembekezera kuthyola fodya. Anatulutsa mabokosi atatu a machesi opanda kanthu n'kuyamba kupindiramo ndalama mosamala, monga ankachitira posankha masamba a fodya. Loyamba linali la sopo ndi makandulo, lachiwiri la ulendo wobwerera kwathu, lachitatu la ndiwo. La ndiwolo ndiye linatupa mpaka analimanga ndi chingwe chosokera fodya. Anandiuza kuti bokosi likatha latha, lisamabwereke kwa linzake. Ndinagwada n'kulandira ndi manja awiri, osafunsa kuti ndalama zotere azipeza kuti pa Januwale, anthu onse akugonera maungu osakhwima.

Manyazi a teremu yoyamba aja anandilowa m'mafupa. Ndinatsimikiza mtima kuti bambo adzaona kuti anabereka munthu. Sopo ndinkagula kachidutswa kwa Che Ajusu, Msilamu wa golosale yapafupi, amene ankadula ndi ulusi uku akuseka kuti ndidzalemera ndisanakwatiwe. Bokosi la ndiwo ndiye sindinkafuna n'kulimasula komwe. Ndinkathyola chisoso ndi bonongwe m'mphepete mwa msewu, masiku ena n'kungosunsa nsima m'madzi a mchere. Mnzanga akakazinga usipa ndinkatuluka, ati kukawerenga pansi pa mtengo, fungo likunditsatira mpaka komweko. M'kalasi ndinkaona chizungulire, siketi ndinayamba kuigwiriziza ndi pini, koma ndikagwedeza bokosi lija n'kumva kulemera kwake, ndinkadzimva ngati mwini esiteti ya fodya.

Titatsekera, ndinatsika pa matola n'kuyenda wapansi kudutsa m'minda. Chaka chimenecho makuponi a feteleza anafika m'mudzi mwathu, ndipo chimanga cha anthu chinali chobiriwira bii, china chitabereka ziwiriziwiri. Nditafika pamunda pathu ndinaima. Chathu chinali chachikasu, chofika m'chiuno, tizitsononkho take ngati zala. Ndinadabwa, chifukwa dzina la bambo linaitanidwa pa makuponi ine ndili pomwepo.

Ndinawapeza m'chigafa akusoka fodya, manja ali bii ndi phula la masamba. Nditawalonjera ndinayala mabokosi aja patsogolo pawo, mtima ukudumpha ndi chimwemwe. Awiri anali opanda kanthu. La ndiwo linali lomangabe ndi chingwe chawo chomwe chija. Analinyamula, kuliyang'ana, kenako anandiyang'ana ine. Anagwira dzanja langa n'kuzunguliza zala zawo ziwiri pamkono, zalazo n'kupitirirana.

"Mwana wanga, nanga umadya chiyani?"

Ndinayankha monyadira kuti ndinkasunga monga anandiphunzitsira.

"Ine ndinati uzigawa. Sindinati usamadye."

Anatuluka n'kulowera kumunda, bokosi lili m'manja. Amayi ndi amene anandiuza madzulo ake, tikusenda nyemba, kuti kuponi ija bambo anagulitsa kwa mavenda pa Disembala. Atamva kuti mwana wawo ankapemphetsa mchere kwa eni ake, anati chimanga chione chokha, koma ine ndisadzachitenso manyazi pakati pa anthu. Ndalama ndinabweza zija sizikanagulanso kanthu. Nyengo yothira feteleza inali itapita kalekale, ndipo pamtengo wa kusitolo sizikanakwana n'kachidebe komwe.

Nkhokwe yathu inatha dzinja lisanayandikire n'komwe. Fodya naye anagwa mtengo ku okushoni. Bambo anapita kukagwira ntchito ku maesiteti a kutali kuti ine ndisasiye sukulu, ndipo anabwerako patapita nthawi ali ndi chifuwa chomwe sichinawasiyenso. Sanaone satifiketi yanga. Zimandiwawa mpaka lero, ndipo sindinapezebe munthu woti ndimukwiyire.

Tsiku lija, atatuluka m'chigafa ndi bokosi, ndinawatsatira chapatali. Ndinawaona ataima pakati pa chimanga chachikasu chija, mapewa akugwedezeka, ndipo ndinkaganiza kuti akulirira munda wawo. Ndinadzazindikira nditabereka wanga kuti munda anali ataulira kale pa Disembala, tsiku lomwe anapereka kuponi. Chomwe sanayembekezere n'choti chimanga chifota, mwananso afota.

Chaka chino mwana wanga wamkazi wapita ku Fomu 1. Ndamugawira ndalama zake patatu, monga agogo ake anachitira. Koma popereka za ndiwo ndinamugwira pamkono, n'kumuuza kuti ndalama zimenezi ndisadzazionenso zitabwerera kunyumba.