Foni Inalira M'dirowa ya Edwadi

Mbande za mpunga za amayi khumi ndi awiri zinauma tsiku limene foni ya Leah inali kotchajitsa. Ndiyambire pomwepo, chifukwa nkhaniyi ndikaikumbukira mtima umandiwawabe.

Leah Makisoni ndi wa kwa Mwambo, kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Makolo ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo mayeso a folomu 4 anamukana kawiri. Chimene anatsala nacho ndi kandime ka mpunga mu sikimu ya ulimi wothirira ndi foni yopalasa yong'aluka galasi. Amayi a m'chigawo chake anamusankha kukhala mlembi. Ntchito yake yaikulu inali imodzi: kudziwa tsiku limene madzi a m'ngalande akubwera kwa iwo, n'kukatsegula geti pa nthawi yake. Mukaphonya tsiku lanu madzi amapita kwa ena, inu mudikire masiku khumi.

Vuto la Leah silinali ulesi ayi. Ankangolemba paliponse. Tsiku la madzi m'foni, za feteleza m'kope, za msonkhano m'kafoni ka mabatani kobwereka, zina pachikhatho. Amati mapanga awiri avumbwitsa, nanga anayi? Kuwonjezera apo magulupu a m'foni: la kutchalitchi, la chinkhoswe, la anzake a kusukulu amene anakhoza n'kumatumiza zithunzi ali m'tauni. Foni ikangolira, khasu pansi.

Kwawoko kulibe magetsi. Foni ikatha moto amaipititsa kwa Edwadi wometa tsitsi, mwini sola, foniyo n'kugona komweko. Leah anali ataitchera kuti idzalire Lachiwiri m'mawa, tsiku la madzi. Inaliradi, osanama. Inalirira m'dirowa ya Edwadi pakati pa mafoni makumi atatu, ndipo Edwadi anaizimitsa poti imasokoneza wailesi. Dzuwa la Novembala silinyengerera munthu. Pofika tsiku lina la madzi, nazale yonse inali itapsa.

Pamsonkhano, a Saulos, tcheyamani wa komiti ya madzi, sanalankhule mozungulira.

"Munthu wolephera folomu kawiri mumamupatsa geti? Mukaphonyanso kamodzi kokha, ndime zanuzo tipatsa ena."

Anthu anaseka. Chimene chimandinyansa ine n'chakuti onse osekawo ankadziwa kuti "ena" akunenedwawo ndi adzukulu a a Saulos omwewo, amene ankazisirira ndimezo kuyambira kalekale. Amayi khumi ndi awiri aja sanamukalipire Leah. Anangotola makasu awo n'kumapita osamuyang'ana, ndipo zimenezo zinamupweteka kuposa kutukwanidwa.

Leah sanalire. Anapsa mtima, ndipo mkwiyo womwewo unamuyendetsa wapansi mpaka kwa mayi Sumaiya, mlangizi wa zaulimi.

"Alangizi, foni yandipereka. Ndikaiponya m'nyanja."

"Foni siinakupereke, mng'ono wanga," anatero mayi Sumaiya. "Unasunga ntchito ya anthu khumi ndi awiri m'chinthu chimene chimagona kwa ometa. Bweretsa kuno."

Anamuikira apu yolembamo ntchito, ija imasunga mndandanda wako pa intaneti. Anamutsegulira akaunti imodzi n'kuilowetsanso pa tabuleti ya gulu, imene inkangochita fumbi m'sutikesi ya mayi wina. Anamuonetsa kuti chimene walemba m'foni chimatulukanso pa tabuleti, bola zonse zikagwira netiweki. Mndandanda wa madzi anautsegula kuti mayi Sumaiya nawonso azitha kulembamo ali pa kompyuta ya ku ofesi.

Malamulo enawo Leah anadziikira yekha. Chilichonse chimene wamva, alembe pompo, ndipo alembe malo amodzi basi. Foni ndi tabuleti zisapite kwa Edwadi tsiku limodzi. Kumudziko netiweki imagwira bwino pachulu chimodzi kuseri kwa tchalitchi, ndiye m'mawa uliwonse, asanasese n'komwe pabwalo, ankakwera pachulupo ndi chimene chili ndi moto, n'kudikira mndandanda utsike. Ankasankhapo ntchito zitatu zokha za tsikulo. Magulupu onse anawatseka pakamwa, ndipo akalowa m'munda ankazimitsa data.

Musaganize kuti zinali zophweka. Chala chinkamuyabwa. Anzake a chinkhoswe anamunena kuti wayamba matama, ena ankamufunsa ngati pachulupo wapezapo mwamuna. Iye osasiya kukwera. Amayi anasonkherana mbewu ina ya mpunga wa faya, anafesanso, ndipo Leah anatsegula geti kanayi konse osachedwa ngakhale mphindi imodzi. Anawokera, mpunga unagwira.

Ndiye tamvani nkhanza za munthu. Lolemba lina a Saulos anapita kukameta, ndipo Edwadi atatsegula dirowa anaiona foni yong'aluka galasi ija. Masana omwewo anaitanitsa komiti n'kusintha tsiku la madzi la amayiwo, kulichotsa Lachisanu kulibweretsa Lachiwiri, m'mawa mwake, 6 koloko. Uthenga anautumiza mwaulemu wake ku foni ya Leah, akudziwa bwinobwino kumene yagona. Bambo wamkulu, wa imvi zake, kutchera msampha mwana wamasiye chifukwa cha ndime za mpunga! Chimene anaiwala n'chakuti mayi Sumaiya anali pamsonkhanopo, ndipo atabwerera ku ofesi analemba tsiku latsopanolo pa mndandanda uja.

Kutacha, Leah anakwera pachulu ndi tabuleti monga mwa masiku onse. Mzere watsopano unatulukira pamwamba penipeni: madzi ndi lero, 6 koloko. Kunali kutatsala mphindi makumi awiri. Panjira anakumana ndi chikhamu cha anthu akuthamangira kudooko, ati asodzi akumenyana.

"Leah, tiye tikaone," anamukoka mkono mnzake wina.

"Mudzandiuza mawa," anatero iye, n'kupinda chitenje, liwiro la kungalande.

A Saulos anafika cha m'ma 8 koloko ndi adzukulu awo awiri, mmodzi atanyamula chingwe choyezera ndime. Anapeza madzi ali nde nde nde m'ndime zonse khumi ndi ziwiri, amayi ali m'matope mpaka m'mawondo. Leah anali chilili pageti.

"Wamva kwa ndani? Foni yako si ili kwa Edwadi?"

"Mwadziwa bwanji kuti ili kwa Edwadi, atcheya?"

Amayi onse anaweramuka n'kuwayang'ana. A Saulos anakhosomola, anayang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula, kenako anauza mdzukulu wawo kuti akulunge chingwe. Chaka chimenecho ndime zija sizinapite kwa munthu, ndipo pachisankho chotsatira kiyi wa geti lalikulu la sikimu yonse anapatsidwa Leah yemwe uja wolephera kawiri.

Tsono inu amene mukuwerenga, mwina nanunso anakusekanipo pagulu. Kwiyani ndithu, koma mkwiyowo muugwiritse ntchito. Lembani zochita zanu malo amodzi amene mungawapeze pa chipangizo chilichonse. Ziyang'aneni m'mawa musanatsegule gulupu la munthu. Sankhani zitatu, zinazo zidikire, paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Alipo amene anagula kale chingwe choyezera ndime yanu, akungodikira tsiku limene foni yanu idzalirire m'dirowa. Musataye mtima, ndipo musawapatse tsiku limenelo.