Galu wa a Malezala ndi Mankhwala Otsukira Mano

Anthu ankangowatchula kuti a Malezala. Ankameta m'kachipinda kakutsogolo kwa nyumba yawo, momwe munali kalilole wong'aluka pakona ndi mpando umodzi wachikopa. Dzanja lawo linali labwino, koma mtima wawo sunkakhulupirira munthu. Kasitomala akayamikira mpandowo, iwo ankati akuuponyera diso. Madzi akumwa kwa eni sankalandira. Amene ankamudalira ndi galu wawo yekha, Mundisiye, yemwe ankagona pakhomo n'kumanunkhiza nsapato za odzameta.

Tsiku lina masana galuyo anasanza thovu, n'kuyamba kudzandira ngati woledzera, kenako anagwa. A Malezala anasiya kasitomala pampando n'kupita kumpanda. Kuseri kwake kunali mayi wogulitsa mazira, amene anadandaulapo kuti Mundisiye amathamangitsa nkhuku zake. Mayiyo anawalonjera mwansangala, ndipo iwo anaona kuti moni wakewo wakoma mopitirira. Asanalankhule, akazi awo anali atakulunga kale galuyo m'chiguduli, akuti milandu idikire, ayambe athamangira kwa dokotala wa ziweto.

Kumeneko a Malezala anafotokoza za poizoni ndi nkhuku. Dokotala anamvetsera akukanula galuyo kukamwa, n'kununkhiza. Anafunsa ngati panyumbapo pasowa mankhwala otsukira mano.

A Malezala ndi akazi awo anayang'anizana. Chubu chatsopano chinali chitasowadi kuyambira m'mawa. Mayi ankaganiza kuti amuna awo achibisa, monga ankachitira ndi sopo. Bambo ankaganiza kuti mayi achipereka kwa mlongo wawo, ndipo ankangodikira kuti adzawapezerere.

Dokotala anati mankhwala ena otsukira mano amakhala ndi zotsekemera zosavulaza munthu, koma kwa galu zimagwetsa shuga m'magazi, mwinanso kuwononga chiwindi. Anamuika diripi n'kunena kuti akanachedwa pang'ono, akanabwera kudzafunsa pokwirira.

Mundisiye anachira, ngakhale anabwerako nthiti zikuonekera. Chubu chija anachipeza kuseri kwa mgolo wa madzi, chitatafunidwa mpaka kuphwatalala. A Malezala anachitembenuzatembenuza, n'kufunsa kuti anachigwetsa pa shelefu ndani.

"Sichinagwe, bambo," anatero akazi awo. "Mumatsukira mano pamwala paja, n'kuchisiya pomwepo."

Kwa mayi wa mazira a Malezala sanakapepese, ati sanamunene pamaso. Koma zoti mayiyo anapatsa galu poizoni anali atauza kale makasitomala, ndipo pometera si posunga nkhani. Mayiyo anatseka mpata wa pampanda ndi lata, ndipo a Malezala mazira anayamba kukawagula kutali.

Sabata yomweyo a Malezala anakhoma kabokosi pamwamba m'bafa, n'kuikapo loko. Mlamu wawo atabwera kudzacheza, anachita kupempha kiyi kuti atsuke mano, bambowo ataima pakhomo. Mpaka lero, akamameta munthu womudziwa, amatsitsa mawu n'kunena kuti chivindikiro cha chubu chija chinalibe dzino ngakhale limodzi, ndipo galu satsegula chinthu mwaukhondo chotero.