Azakhali Slavojka ndi Mazenera a Kalasi

Aliyense amene anaphunzirako pasukulu ya m'mudzi mwathu muno, kumapiri kuno kum'mawa kwa Serbia, amalidziwa liwu la Azakhali Slavojka. Sanali mphunzitsi ayi. Ntchito yawo inali kukolopa, kusonkha moto m'zitofu za nkhuni m'makalasi ndi kuliza belu. Koma mukafunsa kuti mwini sukulu ndani, ngakhale mwana wa dzulodzuloli akulozerani iwowo. Ahedi ankabwera n'kumapita, Azakhali ali pompo ndi tsache lawo.

Kunyumba anali ndi amuna awo, a Radoje, amene mgodi wa malasha unawatha mapapo. Koma nthabwala zokha sizinawathere bambo ameneja! Akakwera masitepe a pakhonde ankaima n'kugwira chipilala, amvekere, "Mayi, musaganize kuti ndatopa, ndikuona dziko." Ana awo onse anali ku Jeremani. Ndiye awiriwa ankangokhalira kukangana za mchere wa m'nyemba, mawa n'kuyambiranso.

Mliri wa kolona utafika, adokotala a m'tauni sanazungulire. Anawauza Azakhali pamaso kuti bambowo akangoutenga, ndiye basi. Mawu amenewo anawakhala pamtima. Choncho sukulu zitatsegulidwanso, lamulo n'kubwera loti mwana aliyense azivala masiki, Azakhali analigwira lamulolo ndi manja awiri. Anatsegula bokosi n'kutulutsa nsalu zoyala pabedi zimene malemu amayi awo anawaombera za ukwati, zija sanalolepo munthu kugonera, n'kuyamba kuzidula ndi sizasi.

"Aaa, koma mayi inu!" anadandaula a Radoje. "Ine moyo wanga wonse kundikaniza nsalu zimenezo, lero mukupatsa ana a eni kuti aziminiramo?"

"Khalani chete inu, chifuwa chingakuyambeni. Ndikuchitira ndani zimenezi? Si inu?"

M'mawa uliwonse ankaima pakhomo la sukulu, manja m'chiuno. Mwana wobwera masiki ali pachibwano ankaona zakuda.

"Iwe Ognjen, wamera ndevu liti? Kweza! Nawenso uko, mphuno imeneyo ndi ya alendo kuti izikhala panja? Ilowe!"

Woiwala ankamupatsa masiki ena a m'thumba la epuloni. Madzulo ankawatolera, kuwawiritsa mumphika, kuwasita. Makolo ena ankang'ung'udza kugolosale kuti kansalu sikangatchinge matenda, akungowazunza ana. Azakhali ankangoti, "Nanga chaka chino mwamumva ndani akutsokomola?" Ndipo kunena zoona masamba anayoyoka m'mitengo, kuzizira n'kuyamba, kalasi ili zii, ngakhale chimfine cha chaka ndi chaka chija chinachepa. Kaya anali masiki, kaya unali mwayi chabe, ine sindinganene. Azakhali ankayenda mutu uli m'mwamba.

Koma lamulolo linali ndi mbali ina: pa buleki mazenera ndi zitseko zizitsegulidwa kuti mpweya uzisintha. Apa ndiye panagona nkhani. Kwathu kuno mungamuuze munthu chilichonse, koma osati akhale pa promaja, mphepo ija imalowera pazenera n'kutulukira pakhomo. Imeneyo timaiopa kuposa mimbulu ya m'nkhalango. Dzino likawawa, ndi promaja. Khosi likauma, ndi promaja. Azakhali ndiye anali ndi chifukwa chawochawo. Ali kamtsikana, mlongo wawo wamng'ono anagona pafupi ndi zenera lotsegula m'sitima, patangopita masiku chibayo n'kumutenga. Amayi awo mpaka kumwalira ankati ndi mphepo ija.

Tsono mphunzitsi wa kalasi ya ana ang'onoang'ono, Tijana, mtsikana wochokera m'tauni, ankati belu likalira amatsegula mazenera onse n'kupita ku ofesi kukamwa khofi. Akangokhota pakona, Azakhali ankalowa n'kutseka lililonse. Tsiku lina Tijana anawapezerera.

"Azakhali, ndinu eti? Ine kumadabwa kuti mazenerawa akudzitseka okha!"

"Mwana wanga, iwe sunabereke. Ana atuluka thukuta ndi chitofuchi, ndiye uwaike pamphepo? Ufuna makolo atinyonge?"

"Koma kachilomboka kamatsalira mumpweya, Azakhali. Chipinda chikatsekedwa..."

"Nanga masiki ndasokera chiyani? Kachilombo kako palibe anakaona ndi maso. Promaja ine ndinaiona ikunyamula munthu."

Tijana anangopukusa mutu. Azakhali ndi amene anamupezera chipinda chogona, ndiponso ankamubweretsera kabichi wowawasa m'botolo. Munthu wotero ungamuneneze bwanji kwa ahedi? Iye ankatsegula, iwo ankatseka, moyo n'kumapita.

Chimene Azakhali sankachiwerengera n'chakuti buleki ndi nthawi yodya. Kunja chipale chofewa chili mbuu, ana sankatuluka. Ankavula masiki, kutulutsa buledi wopaka mafuta a nkhumba ndi tsabola, n'kuunjikana pachitofu akulongolola, kuseka, kulandana zakudya. Azakhali nawonso ankatsitsa masiki awo n'kukhala nawo pakati, kapu ya tiyi m'manja, mtima uli m'malo kuti ana akufunda. Magalasi a mazenera ankachita kuyenderera thukuta.

Khirisimasi isanafike, mwana mmodzi anatentha thupi, kenako wina, kenako kalasi yonse anaitseka. Matendawo atafika kunyumba kwawo, Azakhali anangomva mutu ndi kusanunkhiza kanthu, masiku ochepa n'kudzuka. A Radoje sanadzuke. Za chipatala anakaniratu.

"Ndakhala kunsi kwa nthaka moyo wanga wonse, ndikafere m'chipinda cha eni, inu osakuonani? Ayi, mayi. Ndili pano."

Azakhali anawaveka masokosi onyika mu kachasu wa mapulamu kuti thupi lizizire, anawafunditsa mabulangete onse, anatseka mipata ya zenera ndi nsanza. Anaimbiranso ambulansi mobisa, koma inali ndi anthu ambiri oti ikawatenge. M'mawa wina dzuwa litangotuluka, a Radoje anatsegula maso n'kunong'ona kuti, "Nyemba zija... mchere munachulutsa." Sanalankhulenso.

Kulira kwa Azakhali kunamveka mpaka kumsewu. Anthu ankaopa kulowa. Mnansi wawo, mayi Zagorka, anaima pageti misozi ili chuchuchu, n'kufuula:

"Slavojka, mnzanga, tsegula zenera! Mtsegulire njira apite!"

Ndi mwambo wathu umenewo, munthu akatsirizika timatsegula zenera kuti mzimu utuluke. Azakhali anasolola nsanza zija, nakankha zenera lomwe linali lisanatsegulidwepo nyengo yozizira chimangire nyumbayo. Mphepo inalowa, katani n'kugwedezeka, ndipo anapeza kuti akupuma mozama ngati munthu wovuuka m'madzi. Apo m'pamene anamva kulemera kwa mpweya umene awiriwo ankapuma m'chipindamo. Anakhala pansi pomwepo.

Tijana atabwera kudzapepesa, anaima pabwalo, Azakhali ali pakhonde atavala zakuda.

"Undiuze zoona, mwana wanga. Masiki aja sanathandize?"

"Ankathandiza akakhala pankhope, Azakhali. Ine ndimakhulupirira choncho."

"Ndiye ndi mazenera. Ndamupha ndine."

"Musatero! Mukudziwa bwanji? Kugolosale munkapita, kutchalitchi munkapita, wa positi ankalowa muno. Palibe angadziwe, ngakhale adokotala."

Zinandimvetsa chisoni kwambiri kuwaona masiku amenewo. Mayi wa liwu lija ankadutsa pamsewu mwakachetechete, moni wake wa mutu wokha.

Masiku a maliro atatha anabwerera kuntchito, chipale chikadalipo. Belu la buleki litalira, Tijana anayang'ana mazenera, nayang'ana Azakhali ali pakhomo ndi chitini cha nkhuni. Mtima sunamulole. Anawasiya otseka n'kumatuluka.

"Ima kaye," anatero Azakhali.

Anaika chitini pansi. Anayenda desiki ndi desiki, uyu kumumanga sikafu m'khosi, uyo kumukokera chipewa mpaka m'makutu, wina kumumangira mabatani a jekete. Onse anawasunthira kukhoma la chitofu. Kenako anapita pazenera lalikulu, nalitsegula lonse, natsegulanso chitseko. Mapepala anauluka patebulo.

Ana anangoti kukamwa yasa. Ognjen ndiye analephera kupirira.

"Azakhali, promaja! Chokanipo pamenepo, mudwala!"

"Idya buledi wakoyo, iwe, usandiphunzitse."

Sanachokepo. Sikuti anali atasiya kuiopa mphepo ija ayi, ankaiopa monga kale. Anaima pakati penipeni pa zenera ndi anawo, msana atalozetsa kunja, mpango wakuda ukupepeluka, kuti ngati ili yotenga munthu iyambire iwo. Anaima choncho mpaka belu, ndipo mawa lake anaimanso.