Tsiku limene ndinawayang'ana ankolo kumaso

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinabwera kudzakhala ndi azakhali ku Handsworth. Azakhaliwo anali nesi ku Dudley, ndipo amuna awo, amene ndinkawatchula kuti ankolo, ankagwira ntchito yonyamula katundu. Ponyamuka kumudzi amayi anandilangiza kuti mwana wamkazi sayang'ana wamkulu kumaso, ndipo wamkulu akati ayi, nkhani yathera pomwepo. Malangizowo ndinakwera nawo ndege.

Loweruka lina m'mawa azakhali anapita ku shifiti, pakhomo tinatsala awiri. Ndinawapangira ankolo tiyi, n'kugwada pafupi ndi sofa, maso ali pa kapeti. Ndinangomva kapu kuti khu! tiyi wotentha n'kundikhuthukira m'maondo. Analankhula zinazake, mawu olemera ngati ali ndi mbatata yamoto m'kamwa. Ine ndinkayesa akundikalipira. Ndinapepesa, ndinapukuta, n'kukatereka tiyi wina. Nthawi yonseyi ndinkangoona masilipasi awo, ndi dzanja lamanja lili lende pambali pa sofa.

Atalephera kulandira kapu yachiwiri m'pamene ndinadzutsa maso. Pakamwa panali patakhotera mbali imodzi, dovu likutsikira pa kolala. Ndinachita manyazi ngati ndawapeza akusamba.

"Ankolo, ndiimbe ambulansi?" Nambalayo ndinkaidziwa, anatiphunzitsa kusukulu.

"Ayi," anatero. "Ayi, ayi."

Ndinaimbira azakhali, foni yozimitsa, poti pa ntchito ankaisiya mu loka. Ndiye ndinaimbira Mayi Nkhoma a kutchalitchi kwathu.

"Iwe mwana, usanjenjemere," anatero Mayi Nkhoma. "Azibambo a mashifitiwa n'kutopa, kaya shuga watsika. Uwasungunulire shuga m'madzi. Ine ndikukwera basi, ndikubwera."

Madzi ashugawo anawatsamwa, ena n'kutayikira pa malaya. Ndinaima pa windo foni ili m'manja, siketi yonyowa ikundizizira, mabasi akungodutsa osatsitsa munthu wathu. Ndinafunsanso za ambulansi, yankho lomwe lija. Ndinawafunditsa bulangeti, poti n'chokhacho chimene ndinkadziwa kuchitira wodwala. Kulikonse kumene ndinkapita m'chipindamo maso awo ankanditsatira, misozi ili lengelenge.

Masana azakhali atapuma, anaona kuti ndinawaimbira, n'kundiimbiranso. Ndinawafotokozera.

"Nkhope yakhota? Uwauze akweze manja onse awiri."

"Lakwera limodzi lokha."

"Akulankhula bwanji?"

"Akungoti ayi."

"Mayo ine! Dula foniyi, imba 999 pompano!"

"Koma azakhali, akukana."

"Sakukana iwe! Mawu ndi omwewo awatsalira m'kamwa!"

Ambulansi inafika Mayi Nkhoma akungolowa kumene, asanavule ndi jekete yomwe. Anthu a ambulansi anandifunsa kuti zayamba nthawi yanji. Nditanena kuti m'mawa pa tiyi, anangoyang'anizana.

Patapita masiku azakhali anandikhazika pansi. Anati inali sitiroko, magazi anaundana mu mtsempha wa mu ubongo, ndipo mankhwala owasungunula amathandiza m'maola oyambirira okha. Ife maola amenewo tinawathera pa tiyi, shuga ndi kudikira basi. Anatinso munthu wotero sapatsidwa chakumwa, amatsamwa. Sanandikalipire. Anangoti, "Unachita zimene tinakuphunzitsa," kenako iwowo ndi amene analira.

Ankolo alipobe. Amayenda mokoka mwendo, dzanja lija silinadzukenso, ndipo mawu amabwera amodziamodzi. Mpaka lero sindidziwa kuti m'mawa uja ankafuna kundiuza chiyani.

Panopa ndili ndi mwana wanga wamkazi. Kugwada ndinamuphunzitsa, amagwada bwinobwino. Koma akamapereka madzi kwa wamkulu ndimamuuza kuti, "Dzutsa maso, uone nkhope." Amadziwa kuti pakamwa pakakhota, dzanja likagwa, mawu akasokonekera, aimbe ambulansi kaye, ine ndimve pambuyo, ngakhale wodwalayo akane. Kutchalitchi amayi ena amanong'ona kuti ana obadwira kunowa ndi amwano, amatong'olera akulu maso. Tikapita ku Handsworth mwanayo amawayang'ana ankolo tong'o, iwo amamumwetulira ndi mbali imodzi imene inatsala.