Mpando Wopinda wa pa Siteji

Mpaka lero ndikaona mpando wopinda, dzanja limathamangira kumsana kukagwira mwana, chonsecho pano amayenda yekha.

Mipandoyo ankakhoma ndi amuna anga, kuseri kwa nyumba yathu ku Chipoka. Anaona kuti pa siteji anthu amadikira minibasi ali chilili, dzuwa likuswa mtengo, ena atakhalira mabeseni a usipa. Ndiye anaganiza zopanga mipando yopepuka, yoti m'mawa aimange panjinga, akaiyale pansi pa mtengo wa mango, mthunzi ukasuntha nayonso isunthe, madzulo aipinde. Nzeru inali yabwino, sindikana. Koma mpando uliwonse anauika chotsamira chachitali.

Ndinawauza ine. Ndinati, "Bambo a mwana, mzimayi wobereka mwana kumbuyo atsamira bwanji apa?"

"Iwe unakhomapo ndi msomali womwe?" anatero akuseka, utuchi uli m'ndevu. "Mabwana amafuna kutsamira."

Mabwana! Pa siteji pathu amadzaza ndani ngati si ife, ana kumbuyo, madengu pamutu?

Tsiku lina mwana anadzuka thupi lili moto. Ndinamubereka, liwiro la ku siteji kuti ndikwere ya ku Salima, kuchipatala. Minibasi inalipo koma yosadzaza, kondakitala akungoti, "Dikirani mayi, atsala ochepa." M'katimo munali ngati ng'anjo. Ndiye ndinadikirira panja, ndinakhala pa mpando wa amuna anga omwewo, kunsonga kwenikweni, kuopa kufinyira mwana pa chotsamira.

Ndinangozindikira ndili pansi. Mpando wadzipinda ngati sizasi, kaphazi ka mwana kali pakati pa matabwa. Kulira kwake! Oitanira basi anayamba ndi kuseka, anasiya ataona magazi. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa ndi amene anakanula mpandowo ndi manja, akukuwa, "Musamukoke mwanayo! Musamukoke!"

Njira yonse ndinafumbata kaphaziko m'chitenje, osayerekeza kusuzumira. Kuchipatala anati fupa silinathyoke, koma chikhadabo cha chala chachikulu chinali chitachoka. Anamumanga bandeji, namupatsa mankhwala a malungo.

Pofika kunyumba amuna anga anali atamva kale. Mukudziwa chimene ananena? "Nawenso ukanakhala bwinobwino."

Mwana ndinapatsira apongozi, ndinatenga sowo, ndinagwetsa mpando woyamba n'kuuponda. Sindidziwa kugwira sowo ine, ndinkadula mokhota, thabwa likung'ambika, koma chotsamira chinagwa. Ndinakoka wina.

"Ukuwonongatu iwe!"

"Bwerani mundilande. Bwerani, mwana wanu akuoneni."

Sanabwere. Anaima pakhomo, maso ali pa bandeji ya mwana. Kenaka anati chapansipansi, "Si chotsamira chokha. Pansipa pamafunika kathabwa kopingasa, kuti munthu akakhala kunsonga usamadzipinde."

Ndinasiya kudula.

"Ndiye mumadziwa?"

"Ndimati ikhale yopepuka panjinga."

Yopepuka panjinga! Apongozi anatembenukira kukhoma.

Mipando ya pa siteji pano ilibe chotsamira, ndipo uliwonse uli ndi kathabwa kake. Azimayi amakhala ana ali kumbuyo, ena amayamwitsira pomwepo, amawayamika amuna anga kuti ali ndi luso. Ine ndimangoti zikomo. Chikhadabo chinamera chokhota. Ndipo ine ndikafika pa siteji, kaya mthunzi uli pamipando, ndimayala chitenje pansi.