A Lufina ndi Maliro Opanda Nyimbo

Pa msika wa Lizulu ndidakhala zaka zambiri ndikugulitsa kabichi moyandikana ndi mayi wina wamfupi ngati mtondo, dzina lawo a Lufina, ngakhale ambiri tinkangowaitana kuti aNangozo. Akuluakulu adati ukaipa dziwa nyimbo. A Lufina sadaipe ayi, ndisawanamizire, koma nyimbo adazidziwa ngati munthu amene adauzidwa kuti akapanda kutero sadzakwatiwa. Msewu wa pa Lizulu ndiwo malire a Malawi ndi Mozambique, ndiye iwo akakweza mawu m'katchalitchi ka Akatolika kamene kadali pachitunda, ankamveka m'maiko awiri popanda chiphaso.

Ine ndine wa mpingo wina, koma pamaliro mipingo yonse imakumana, ndipo ndi pamenepo ndidawadziwira. Iwo ndiwo adali oyambitsa nyimbo. Amayi onse ankayamba ayang'ana pakamwa pa a Lufina asadatsegule pawo. Loweruka ankazira pansi m'tchalitchimo, nsalu za paguwa ankachapa ndi sopo wawo, ndipo kolona sinkachoka m'khosi ngakhale popita kumunda.

Ali mtsikana adamanga ukwati wa m'tchalitchi ndi a Cosmas, amene adangotenthetsa mphasa pang'ono n'kukwera ndege ya Wenela kupita kumigodi ya ku Joni. Anzawo ankabwerako ndi mabulangete, mawayilesi ndi zipewa zopendeka, koma a Cosmas zii. Ena ankati adafera mumgodi, ena ankati adawaona ali ndi mkazi wonenepa ndi ana. Mtchona ndi wovuta, sungamulire komanso sungamuphikire. Zaka zidadutsa a Lufina akulima okha mbatata ya kachewere.

Kenaka padabwera a Fanizo, bambo amene mkazi wawo adamwalira, mwini ngolo ya ng'ombe yonyamula matumba a kachewere kupita kumsika. Adali munthu wosayankhula, mawu awo ambiri ankathera pa ng'ombe. Khalidwe lawo lidali limodzi lodziwika: sankasiya munthu panjira. Wotopa aliyense ankakwera ngoloyo ulere, mpaka ng'ombezo zidazolowera kuima zokha zikaona nkhalamba. Tidayamba kuona kuti matumba a a Lufina ndiwo akufika koyamba pamsika, eni ake atakhala pamwamba ngati mkwatibwi. Sipadatenge nthawi, ankhoswe adakumana.

Bambo mfumu ankabwera mwa apo ndi apo pa njinga yamoto, choncho mpingo wa pachitunda udali m'manja mwa a Hilary, katekisiti. Adali wamtali, wa makutu otambalala, wovala jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo. Malamulo a mpingo adawadziwa kuposa maina a ana awo. Iwowa adaitanitsa a Lufina.

"ANangozo, mwamuna wanu ndi a Cosmas mpaka imfa."

"Nanga ngati adafa kale, aphunzitsi?"

"Mutibweretsere umboni."

"Ndikautenge kuti? Ku Joni, wapansi?"

A Hilary sadaseke. Lamulungu lotsatira adalengeza kuti a Lufina ndi a Fanizo adulidwa, sadzalandiranso masakramenti. A Lufina adamva kuwawa koma sadanyanyale. Adasamukira kumbuyo, kufupi ndi khomo, n'kumazirabe, kuchapabe, kuimbabe. Kuimbako a Hilary sadawaletse, chifukwa popanda a Lufina kwaya yawo inkamveka ngati nkhuku zonyowa ndi mvula. Ankangowauza kuti, "Pirirani, Mulungu akuona." A Lufina adapirira. Ankatiuza pamsika kuti mpingo ndi mayi, amakalipa koma sataya mwana wake.

A Fanizo adamwalira ndi chibayo m'nyengo ya dzinja. M'mawa wa tsiku loika maliro a Hilary adafika ndi jekete yawo, naima pabwalo, nati munthuyu wafa ali wodulidwa. Sipakhala nyimbo, sipakhala mtanda, sipakhala pemphero la mpingo. Akhristu aperekeze ngati anansi chabe.

Ine ndidaliko, ndipo ndinene pano kuti sindidamvepo chinthu chopweteka ngati maliro opanda nyimbo. Umangomva mapazi m'matope ndi bokosi likulira pamapewa. Wamasiye sayambitsa nyimbo pamaliro a mwamuna wake, choncho a Lufina adadikira. Adayang'ana amayi amene adawatsogolera pamaliro a amuna awo, a ana awo, a makolo awo. Onse maso adali pansi. Adayang'ana a Janeti, mkazi wa a Hilary, mnzawo wa pamtima amene ankawapolokozera nyimbo iliyonse. A Janeti adaphimba pakamwa ndi chitenje. A Fanizo, amene adanyamula mudzi wonse pangolo, adalowa m'manda mwakachetechete ngati mbala.

Atabwerako, a Lufina adavula kolona n'kuipachika pamsomali kuseri kwa chitseko. Kutchalitchi sadapondenso, ndipo pakamwa adatseka. Ngakhale pamisonkhano ya chipani, pamene mayi aliyense ankayenera kuimba ndi kuvina afune asafune, iwo ankangogwedeza milomo. Apampando a amayi akawayang'anitsitsa, chifuwa chinkawagwira pomwepo, chifuwa chodabwitsa chimene chinkapola msonkhano ukangotha.

Kumbuyo kwa malo athu ogulitsira kudali kagolosale ka a Zubeda, mayi wachisilamu wogulitsa mchere, sopo ndi palafini. Pakamwa pawo padalibe chitseko, ndipo ndi iwo okha amene ankayerekeza kuwagwira a Lufina pachilonda.

"Anzanga, ingobwerani kumzikiti," adatero tsiku lina. "Kwathu palibe wodikira kwaya. Timasambitsa, kupemphera, kukaika, basi."

"Ndisiyenso nkhumba chifukwa cha a Hilary? Andilande zingati bambo amenewa?"

A Zubeda adaseka mpaka kugwira m'nthiti, kenaka adafunsa mofatsa. "Koma aNangozo, amene adakulakwirani ndi Mulungu kapena ndi a jekete aja?"

"Wantchito akakutukwana bwana wake ali phee, wakutukwana ndani?"

Apa a Zubeda adangowapatsa chitumbuwa. Ine ndinkaona kuti chimene chinkawadya a Lufina sudali mkwiyo wokha. Nyimbo zidali zitadzaza m'chifuwa, zikusowa potulukira. Nthawi zina posankha kachewere tinkamva kamawu kakung'ung'udza pansipansi.

"ANangozo, mukuimba?"

"Ndikubuula. Msana."

M'zaka zimenezo ku Mozambique kudali nkhondo, ansembe kumeneko adasowa, ndipo a Hilary adayamba chizolowezi chowoloka msewu Lachinayi lililonse pa njinga yawo, kukalimbikitsa akhristu a tsidya. Anthu ankawatama chifukwa cha kudzipereka. Tsiku lina kugolosale kudabwera mayi wa tsidyalo, dzina lake Malita, kudzagula mchere, tiana tikumutsata pambuyo. A Zubeda adayang'ana tianato, nayang'ananso, kenaka adatsina a Lufina. Makutu aja. Kuyambira wamkulu mpaka wakumsana, makutu a a Hilary ali tambalale.

"Akuwalimbikitsadi akhristu a tsidya," adanong'ona a Zubeda.

A Lufina adaseka mpaka misozi. Kuseka kudatha, koma misozi idapitirira, ndipo tsiku limenelo kachewere wawo ndidawagulitsira ndine. Ena adawauza kuti akanene kwa bambo mfumu. Iwo adakana. Adati mlandu suola, komanso a Janeti sadawalakwire mpaka pofika powachititsa manyazi pagulu.

Mlanduwo sudaoledi. A Hilary adadwala anthu atakolola, ndipo sadachedwe kutsikira kuli chete. M'mawa wa tsiku loika, akwaya atavala kale zoyera, kumsewu kudamveka kulira kwa mayi: "Mwamuna wanga ine! Ana awa ndiwalera ndi yani?" Adali Malita, tiana tonse tili pambuyo. Padalibe chofunsa, makutu adachitira umboni okha. Akuluakulu a mpingo adapita kuseri kukanong'onezana, nabwerako nkhope zili gwa. A Yoramu, mkulu wa mpingo, ndiwo adalengeza kuti lamulo ndi lamulo. Sipakhala nyimbo, sipakhala mtanda. Lidali lamulo lomwe lija, mawu ake omwe aja, ndipo ambiri a iwo adaliphunzira kwa malemuwo.

"Choipa chitsata mwini," adatero anthu a pamsika. Tonse maso adali pa a Lufina. Iwo adabwera atavala chitenje chawo chabwino, ndipo atandipeza adati, "Ndabwera kudzamva ngati chete uja amamveka chimodzimodzi kwa eni ake."

Tidanyamuka kupita kumanda. Tsiku limenelo kudalibe matope, kudali fumbi, koma phokoso lidali lomwe lija, mapazi ndi bokosi. A Janeti ankayenda atagwiriridwa uku ndi uku, mutu uli pansi, manyazi ndi chisoni zitawapinda msana. Malita adali kumbuyo kwenikweni, popanda womugwira, tiana tikuyang'ana anthu ndi mantha. A Lufina adali pambali panga. Ndidamva akupuma mwamphamvu ngati munthu wokwera phiri atasenza mtolo. Ndidati mwina akondwa, koma nditawayang'ana nkhope sidali ya munthu wokondwa. Adadzera kubwezera, koma chete ameneyo ankamudziwa kuposa tonsefe, ndipo adawakanika kumeza.

Mawu adatuluka. Poyamba adali osasa ngati chitseko cha dzimbiri, kenaka adatseguka, nakwera, mawu aja tinkati adapita ndi a Fanizo. Idali nyimbo yoperekezera maliro imene Akatolika amaimba potuluka pamudzi. Onyamula bokosi adatsala pang'ono kuphunthwa. A Yoramu adathamangira kumbuyo, chipewa chili m'manja.

"ANangozo, chonde, lamulo latiletsa."

A Lufina adamaliza kaye mzere wa nyimboyo, chifukwa sankadula nyimbo pakati ngakhale nyumba ipse.

"Lakuletsani inu, a Yoramu. Ine mudandidula kalekale. Lero mudula pati?"

Adapitiriza. Woyamba kupolokoza adali a Janeti, mawu akutuluka pamodzi ndi misozi. Kenaka mayi wina, kenaka akwaya onse, ndi ife a mipingo ina amene mawu ake sitinkawadziwa bwino tidangolowapo. A Yoramu adayang'ana uku ndi uku, naona kuti akadula onsewa Lamulungu adzapemphera okha ndi mipando. Nawonso adayamba kung'ung'udza.

Kumanda, dothi litakwiriridwa, anthu adayamba kutembenuka kuti azipita. A Lufina sadaleke kuimba. Adayamba kuyenda pakati pa mitumbira, chinthu chimene munthu sachita kumanda popanda kuuza adzukulu, ndipo adzukuluwo adangoima ndi makasu awo kukamwa kuli yasa. Adakaima pa mtumbira wina wakale, wophwa, wopanda mtanda, womera udzu. Tonse tidaudziwa. A Janeti adawatsata, amayi ena nawonso, mpaka tidauzungulira. Pamenepo a Lufina adaiyambanso nyimbo ija pachiyambi, naiimba yonse osasiyako ndime. Ine ndidalira kuposa mmene ndidalirira tsiku limene tidawaika a Fanizo.

Kutchalitchi cha pachitunda sadabwerere. Bambo mfumu wina watsopano adawatumizira mawu, iwo adathokoza mwaulemu n'kupitiriza kusankha kachewere. Koma kolona idatsika pamsomali, ndipo ankati iwo ndi Mulungu adayambanso kuyankhulana, ngakhale nkhani zina sadagwirizanebe. Kuyambira pamenepo maliro aliwonse amene mpingo wawakana, a mpingo uliwonse, a chidakwa, a wamitala, anthu ankangoti, "Kaitaneni aNangozo." Chifuwa cha pamisonkhano ya chipani chokha ndicho sichidapole.

Pochokera kumanda tsiku loika a Hilary lija, a Janeti adawagwira dzanja panjira.

"ANangozo, ndilibe mawu. Ine ndidakhala chete pa maliro a amuna anu, inu mwawaimbira anga."

A Lufina adapukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje.

"Musandithokoze, anzanga. Nyimbo ija idali ya a Fanizo, ndidangowasungira. A Hilary angokwera nawo. Mukuwadziwa a Fanizo, sankasiya munthu panjira."